Samalani poyambitsa dictionary mu constructor ya Python

Anzanga amene mukulemba mapulogalamu a Python osungira mitengo ya katundu, monga ya amalonda a pamsika wa Lizulu, ndikupempheni kuti musamale ndi momwe mumayambitsira dictionary (mndandanda wolumikiza dzina lililonse ndi mtengo wake) mu __init__, yomwe ndi constructor, function imene imayenda popanga object yatsopano. Mukalemba mitengo={} pakati pa ma parameter, Python imapanga dictionary imeneyo kamodzi kokha, pa nthawi imene ikuwerenga function, ndipo ma object onse amene sanapatsidwe mitengo yawoyawo amagwiritsa ntchito yomweyo. Motero wogulitsa kachewere akasintha mtengo wa thumba, mtengo womwewo umatulukiranso kwa wogulitsa kabichi popanda chenjezo lililonse, ndipo vuto lotere limavuta kwambiri kulipeza.

Lembani mitengo=None, kenako mkati mwa constructor mupange dictionary yatsopano yokhala ndi mitengo yokhazikika, ndipo ngati wina wapereka yake, muiwonjezere ndi update, imene imaika mtengo watsopano m'malo mwa wakale. Kuyambira Python 3.9, chizindikiro cha | chimaphatikiza ma dictionary awiriwa pamzere umodzi, ndipo zikasemphana, ya kumanja ndiyo imatsala. Koma update ndi | sizikopera zinthu zimene zili mkati mwa dictionary, ndipo ma object amatha kugawanabe list imodzi, choncho ngati mu dictionary muli ma list, gwiritsani ntchito copy.deepcopy.