Ovaloko yapanyumba: konzani ulusi kaye, manambala pambuyo

Makina ambiri a ovaloko amatuluka m'bokosi atalowetsedwa kale ulusi, ndipo kuseri kwa kaphazi kopanira nsalu kumakhala kukulendewera katcheni ka ulusi wolukana kapena kachidutswa ka nsalu kamene anayeserapo kufakitale. Musathamangire kuusolola ulusi umenewo. Tsegulani chitseko chakutsogolo, ndi cham'mbali ngati chilipo, mutenge foni mujambule mkatimo mofika pafupi, mbali zingapo, moti njira ya ulusi uliwonse izioneka bwino. Tsiku limene ulusi udzaduke usiku chovala chikufunika m'mawa, zithunzizo zidzakuthandizani kuposa zojambula za m'buku. Onaninso kachikwangwani ka magetsi kumbuyo musanalumikize, chifukwa makina opangidwira 110 kapena 120 V amapsa akalumikizidwa ku 230 V.

Ovaloko imagwira ntchito zitatu nthawi imodzi: imadula m'mphepete mwa nsalu, imakulunga m'mphepetemo ndi ulusi kuti nsalu isayoyoke, ndipo imalumikiza zidutswa ziwiri. Bobini mulibe. M'malo mwake muli tizitsulo tiwiri topindika totchedwa looper, kapamwamba ndi kapansi, tomwe timalukana ndi singano ziwiri. Msoko wamtunduwu unayambira m'mafakitale, kukampani ya Merrow ku Connecticut m'zaka za m'ma 1880, ndipo makina ang'onoang'ono oti munthu n'kuika patebulo kunyumba anatulukira ku Japan chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndi dzina la Baby Lock. Apanyumba ambiri amafika masitichi pafupifupi 1,300 pamphindi. Koma makina anu akale musagulitse ayi. Ovaloko siika zipi, siboola mabatani, sisoka mzere wowongoka pamwamba pa chovala, ndipo mizere iwiri ija mumaiona pampendero wa tisheti yogula imasokedwa ndi makina ena, a coverstitch.

Ikani makinawo patebulo losagwedera, chifukwa liwiro limenelo limayendetsa makina ngati tebulo ndi lopepuka. Kwezani mlongoti wa ulusi mpaka pamapeto penipeni, tizibowo take tikhale moyang'anizana ndi makoni, zokulungira zazikulu za ulusi zija. Mlongoti ukatsala theka, ulusi umachoka pakoni mokoka ndi kusiya, ndipo msoko umatuluka pena wothina pena wolekerera. Anthu amasintha manambala a tenshoni, oonjezera kapena kuchepetsa kuthina kwa ulusi, tsiku lonse vuto lili pamenepo.

Tsopano nkhani imene ndimaiumirira kwa aliyense wophunzira. Tsiku loyamba, ikani ulusi wa mitundu inayi yosiyana, ndipo ngati n'kotheka ifanane ndi timadontho tamitundu tojambulidwa pamakinapo: kumene njira yajambulidwa yofiira ikani wofiira, kwa yobiriwira wobiriwira, choncho. Ulusi wonse ukakhala woyera, msoko ukalakwika mumangoona chisokonezo choyera, osadziwa wolakwa ndi uti. Ukakhala wamitundumitundu, mumangoyang'ana n'kunena kuti wobiriwirayu ndiye walekerera. Simusowa kugula makoni anayi atsopano pa zimenezi. Timaulusi totsalira ta makina wamba tikwana, bola muike tizivundikiro toletsa ulusi kukodwa m'mphepete mwa chokulungiracho.

Kulowetsa ulusi kuli ndi ndondomeko yake, ndipo ndondomekoyo si yokongoletsa buku. Pamakina ambiri mumayamba ndi looper yapamwamba, kenako yapansi, kenako singano yakumanja, n'kumalizira yakumanzere. Ena amayamba ndi yapansi, ndiye onani buku lanu, koma kawirikawiri lamulo ndi lakuti malooper amayamba, singano zimatsiriza. Zimitsani makina. Kwezani kaphazi, chifukwa pamakina ambiri ndi pamene timbale ta tenshoni timatsegukira. Ena ali ndi kabatani kakekake kotsegulira. Ulusi ukafika patimbalepo, ugwireni ndi manja awiri, kumtunda ndi kumunsi, muukokere uku ndi uku mpaka mumve kuti walowa pakati penipeni. Ulusi umene wangogona pamwamba pa timbale umaoneka ngati uli m'malo mwake, koma tenshoni ilibe chogwira, ndipo ngakhale mutapotokola mpaka 9 palibe chisinthe.

Looper yapansi ndi imene imatukwanitsa anthu. Ulusi wake umadutsa tingowe tingapo, kenako uyenera kukoledwa kuseri kwa looper kumanzere kwenikweni, kumene chala sichifika, usanabwerere kudzalowa m'kabowo ka kunsonga. Zunguzani gudumu lam'mbali ndi dzanja, kulozetsa kumene muvi walozera, mpaka looper itulukire poonekera, ndipo gwiritsani ntchito kachitsulo kotolera ulusi kamene kamabwera ndi makina. Makina ena ali ndi kachipangizo kokankhira ulusi kuseriko, ena odula amaupopera ndi mpweya. Mukamaliza, ulusi wa looper yapansi ugone pamwamba pa looper yapamwamba popita kuseri kwa kaphazi. Ukadutsa pansi pake, uduka musanasoke ngakhale masentimita awiri.

Pali msampha wina pomwepa. Ulusi wa looper yapansi ukaduka muli pakati pa ntchito, mtima umafuna kungolowetsa umodzi womwewo n'kupitiriza. Mukatero udukanso, n'kudukanso, chifukwa ulusi wa singano umakhala utakulunga kale looper ija, ndipo watsopanowo umalowa mopingasana nawo. Tulutsani kaye ulusi m'mabowo a singano zonse ziwiri, lowetsani wa looper, kenako mubwezere wa singano. Zimatenga mphindi imodzi yowonjezera, ndipo ndi pomwe pamathera madandaulo ambiri akuti makinawa ndi oipa.

Za singano n'zachidule. Ovaloko zambiri zapanyumba zimalandira singano wamba za 130/705H, zina zimafuna ELx705, buku linena. Saizi 80/12 imakwana nsalu zambiri, 90/14 zokhuthala. Mbali yophwatalala iyang'ane kumbuyo, ndipo kankhirani singano m'mwamba mpaka igunde musanamange. Mukaziyang'ana muona yakumanzere ili m'mwamba pang'ono kuposa yakumanja. Ndi mmene ziyenera kukhalira, musazilinganize.

Ulusi wonse ukalowa, kokerani michira inayi pansi pa kaphazi kupita kumbuyo chakumanzere. Ikani manambala a tenshoni pamene buku likuti ndi poyambira, kawirikawiri pa 4 kapena pakati pa 3 ndi 5, kutalika kwa sitichi pa 2.5 kapena 3, ndipo differential feed, chosinthira liwiro la mano okoka nsalu, pa 1 kapena N. Tsitsani kaphazi, gwirani michira, zunguzani gudumu ndi dzanja katatu kapena kanayi muone ngati ulusi ukulukana pakachala kachitsulo kali pafupi ndi singano. Ngati zili bwino, yatsani, pondani pang'onopang'ono popanda nsalu, mutulutse tcheni chotalika ngati chala. Ovaloko sidandaula kusoka mphepo, kusiyana ndi makina wamba.

Tengani chidutswa cha nsalu yomweyo mukufuna kusoka, muchipinde pawiri, musoke mpeni ukumeta pang'ono chabe m'mphepete. Musakoke nsalu, musaikankhe, ingoiwongolerani, maso ali pampeni osati pasingano. Mukafika kumapeto pitirizani kuponda kuti tcheni chituluke, n'kudula pakati pa tchenicho.

Ndiye khalani pansi muuwerenge msokowo, kutsogolo ndi kuseri. Msoko wabwino, ulusi wa looper yapamwamba umagona pamwamba pa nsalu, wa looper yapansi kunsi, ndipo awiriwa amakumana m'mphepete penipeni, osapendekera mbali iliyonse. Ulusi wa singano umaoneka ngati mizere iwiri yowongoka pamwamba, kuseri ngati timadontho. Mukaona mtundu wa looper yapamwamba wazungulira n'kukaonekera kuseri, ndiye kuti wapamwambawo walekerera kapena wapansi wathina. Mtundu wapansi ukakwera pamwamba, n'chimodzimodzi mosinthanitsa. Ine ndimayamba ndi kumasula wothinawo ndisanamange wolekerera, chifukwa kumangitsa zonse kumathera podula ulusi. Kenako tsegulani zidutswa ziwirizo muzikoke: ngati pakati pakuoneka timizere ta ulusi topingasa ngati makwerero, singano yakumanzere ikufuna kumangitsa. Timalupu tikamalendewera kuseri pamzere wa singano, vuto ndi lomwelo, kapena ulusi sunalowe m'timbale tija.

Sinthani nambala imodzi yokha, theka kapena imodzi, musokenso, muonenso. Mukapotokola ziwiri nthawi imodzi simudziwa yomwe yakonza ndi yomwe yaononga. Ndipo musanakhudze nambala iliyonse, tsatirani ulusi wolakwawo ndi chala kuchokera pakoni mpaka kunsonga. Mwa zimene ndaona, nthawi zambiri mupeza kangowe kamodzi kadumphidwa, kapena ulusi wakodwa pansi pa koni, kapena wazungulira mlongoti. Makina amene dzulo amasoka bwino pa 4 sangafune 7 lero pansalu yomweyo. China chake chachoka m'malo.

Si vuto lililonse lili la tenshoni. Malupu akamapitirira m'mphepete mwa nsalu n'kumalendewera pamphepo mbali zonse mofanana, mpeni ukudula nsalu yambiri, ndiye usunthireni kunja ndi chopotokola chake kuti nsalu idzaze malupuwo. Nsalu ikamapindika mkati mwa msoko, yatsala yambiri, usunthireni mkati. Pansi pa kaphazi pali magulu awiri a mano okoka nsalu, akutsogolo ndi akumbuyo, ndipo differential feed imasintha liwiro la akutsogolowo, kawirikawiri kuyambira 0.7 mpaka 2.0. Nsalu yotamuka ngati ya tisheti ikamatuluka ili mafundemafunde, kwezani kufika 1.3 kapena 1.5, ya juzi mwina mpaka 2.0. Nsalu yopyapyala yoterera ikamachita makwinya, tsitsani kupita ku 0.7. Mukapeza manambala okomera nsalu inayake, alembeni pachidutswa choyeseracho ndi bolopeni muchisunge.

Chimene ovaloko yadula chapita. Pamakina wamba msoko ukalakwika mumapasula n'kuyambiranso, koma pano nsalu ija ili kale m'kabokosi ka zinyalala. Choncho chovala chimene simunachiyese pathupi, chisokeni kaye ndi masitichi aataliatali pamakina wamba, muyese, kenako mubwere nacho kuno. Mukamasoka mkono kapena chilichonse chozungulira, dzanja lamanzere lizipapasa pansi pafupipafupi, poti nsalu yapansi imakonda kudzipinda n'kulowa kumpeni inu osaona, ndipo bowo lake limakhala pakati pa chovala. Mapini ndi adani a mpeni: imodzi yokha ikalowa, mpeni umabenthuka, ndipo kachidutswa kakhoza kuthethekera kumaso. Gwiritsani ntchito timakilipi, kapena bayani mapini motsatira msoko, kutali ndithu kumanzere kwa kaphazi.

Kubwerera m'mbuyo kuti mumange msoko kulibe. Ngati msoko udzadutsidwa ndi wina, siyani mchira, winawo autseka. Ngati ayi, siyani tcheni cha masentimita 7 kapena 8, muchilowetse m'singano yamanja ya bowo lalikulu, muchibise pansi pa malupu a msoko womwewo. Poyambira pali njira yachangu: sokani masitichi awiri atatu, imani singano zili pansi, kwezani kaphazi, bweretsani tcheni kutsogolo chigone pamphepete, tsitsani, musoke pamwamba pake. Makona akunja, ophunzira angosoka mpaka kutuluka, n'kuyamba mbali inayo mwatsopano. Kupasula nakonso kuli ndi nzeru yake: musalimbane ndi malupu, pezani mizere iwiri ya singano muisolole, malupuwo amasuka okha.

Mukazolowera ulusi unayi, yesani utatu. Kuchotsa singano yakumanja kumapereka msoko wotambalala, kuchotsa yakumanzere wopyapyala, woyenera kungotchinga m'mphepete mwa nsalu yopepuka. Mangani kasikuluwu ka singano yochotsedwayo, apo ayi kagwa ndi kunjenjemera kwa makina. Mpendero wokulunga uja wa m'mphepete mwa mipango umachokeranso pomwepa: singano yakumanja yokha, kachala kachitsulo kabwezedwe m'mbuyo kapena kachotsedwe, sitichi ifupike kufika pa 1 kapena pa R, ndipo tenshoni ya looper yapansi ikwere kwambiri kuti ikokere ulusi wapamwamba kuseri n'kupinda nsalu.

Posintha mtundu wa ulusi, dulani wakale pafupi ndi koni, mangirirani watsopano ndi mfundo yaing'ono yolimba, kwezani kaphazi, tsitsani tenshoni pa 0, mukoke ulusi umodziumodzi ndi dzanja. Mfundo zimadutsa m'malooper, koma pasingano ziduleni zisanafike pabowo, mulowetse ndi manja, ndipo musaiwale kubwezera manambala. Njira imeneyi ndi yabwino, koma ndimakana kuti munthu azidalira yokhayo. Sabata yoyamba, solorani ulusi wonse dala, mulowetse kuyambira pachiyambi kangapo, pamene palibe chovala chikukudikirani.

Mpeni umatulutsa fumbi la nsalu lambiri zedi, makamaka pathonje ndi nsalu zaubweya. Mukamaliza chovala chilichonse, zimitsani, tsegulani zitseko, musese ndi kaburashi mozungulira malooper, mipeni ndi mano. Musauzire ndi pakamwa, mumangolikankhira mkati pamodzi ndi chinyezi. Mafuta akhale a makina osokera okha, kadontho kamodzi pamalo amene buku lasonyeza. Makina ena safuna n'komwe. Masitichi akayamba kudumpha, sinthani singano musanaganize china chilichonse. Nsalu ikamatuluka m'mphepete muli nyenyeswa ngati yatafunidwa, mipeni yabuntha, ndipo pamakina ambiri, mwa mipeni iwiriyo, wapansi ndi umene umayamba kutha. Umenewo mukhoza kusintha nokha ndi sikuluwu imodzi, bola nsonga yake ilingane ndi pamwamba pa mbale ya singano. Koma mukamva looper ikugunda singano, kapena kaphokoso kachitsulo kamene kunalibe, imani pomwepo mupite nawo kwa okonza makina, chifukwa mipata ya pamenepo ndi yochepera milimita imodzi ndipo siyoyerekeza ndi maso.