Momwe Mungasankhire Gulu la Kumtunda la Munthu Wopikisana Yekha Panyanja

Mpikisano wa Vendée Globe, womwe unayamba mu 1989, umafuna kuti munthu mmodzi azungulire dziko lonse pa boti la matanga lotalika mamita 18.28, kunyamuka ku Les Sables-d'Olonne m'dziko la France n'kubwereranso komweko, osaima padoko lililonse. Charlie Dalin, amene anapambana mu Januwale 2025, anakhala yekha panyanja masiku 64 ndi maola 19. Ngakhale zili choncho, boti lotere silifika patali popanda anthu a kumtunda, ndipo mukamawasankha muzikumbukira kuti ulendo ukangofika patali, manja awo sadzakhudzanso botilo. Chomwe chidzafike kwa woyendetsa ndi mawu awo okha.

Yambani ndi kuwerengera aliyense malamulo a mpikisano. Gulu limaloledwa kulangiza woyendetsa mmene angakonzere chimene chawonongeka, ndipo dokotala amaloledwa kumulangiza za thupi lake, koma kumuuza njira yoti adutse malinga ndi mphepo n'koletsedwa kotheratu. Choncho katswiri wa zanyengo mumulembe ntchito miyezi ya kukonzekera, aphunzitse woyendetsa kuwerenga yekha mapu a mphepo, kenako akhale chete.

Mtsogoleri wa gulu asankhidwe msanga, chifukwa ndiye amayang'anira ndalama, inshuwalansi, mapangano ndi makampani othandiza, komanso mipikisano imene woyendetsa ayenera kumaliza kuti aloledwe kulowa nawo. Pambali pake pakhale wofalitsa nkhani, wolandira zithunzi zochokera panyanja.

Munthu amene muyenera kumusankha mosamala kwambiri ndi kaputeni wa boti, mkulu wa amisiri wotsala kumtunda, yemwe amalidziwa kuyambira pamwamba pa mlongoti mpaka pansi pa madzi. Pansi pa kaputeniyu pamakhala mmisiri wa zingwe, wosoka matanga, wa zamagetsi amene amasamalira makina owongolera boti pamene mwini wake wagona, ndi wodziwa kumata kaboni, imene amapangira botilo, ikang'ambika. Ine ndimaona kuti luso la manja silokwanira pa ntchito imeneyi. Mmisiri amene amakonza bwino koma satha kufotokoza zimene akuchita sadzathandiza munthu wotopa amene akuyimba lamya usiku boti likugwedezeka. Choncho muyeseni motere botilo lili padoko: mmisiriyo akhale m'chipinda china, woyendetsa akonze chinthu pongomvera mawu ake. Chida chilichonse cha m'botimo chijambulidwe, chilembedwe m'buku pamodzi ndi malo amene chasungidwa, kuti wa kumtunda athe kunena thumba lenileni lomwe muli chitsulo chofunikacho. Yves Parlier, mu mpikisano wa 2000 mpaka 2001, anathyokedwa mlongoti, anaimika boti pafupi ndi chilumba cha Stewart ku New Zealand, anaulumikiza yekha n'kumaliza ulendo, ndipo zoterezi zimatheka kwa munthu amene anagwirapo ntchito ndi amisiri ake osati kumangowaonerera.

Amisiriwa asabalalike boti likangonyamuka. Malamulo amalola amene boti lake lawonongeka kubwerera ku Les Sables-d'Olonne, malo okhawo amene anthu ena angalikhudze, n'kunyamukanso pasanathe masiku 10. Michel Desjoyeaux anachita zimenezi mu 2008 chifukwa cha vuto la magetsi, ananyamukanso patatha maola pafupifupi 40, ndipo ndiye anapambana.

Dokotala asangolongedza bokosi la mankhwala, koma aphunzitse woyendetsa kudzibaya jekeseni ndi kusoka bala. Bertrand de Broc anadzisoka yekha lilime mu 1993 potsatira malangizo a dokotala wa mpikisano, Jean-Yves Chauve. Pafunikanso wophunzitsa masewera olimbitsa thupi, ndi wozoloweza woyendetsa kugona tulo ta mphindi zochepa kangapo patsiku. Wokonza chakudya alongedze zouma m'matumba a tsiku ndi tsiku, aonjezere zopatsa mphamvu za masabata a kunyanja zozizira zakummwera, ndipo asawerengere masiku a ulendo wopanda vuto okha, pakuti Parlier uja zakudya zitamuchepera anafika podya ndere za m'nyanja.

Pomaliza, gawanani maola a lamya kuti usana ndi usiku pakhale wina wodikira, amene akudziwa woti amudzutse ndiponso nambala ya oyang'anira mpikisano. Pa 30 Novembala 2020 boti la Kevin Escoffier linathyoka pakati kummwera kwa Cape of Good Hope ku South Africa, ndipo anangokwanitsa kutumiza uthenga waufupi kwa anzake a kumtunda asanalowe m'kaboti kopulumukira. Oyang'anira mpikisano anatumiza wopikisana mnzake Jean Le Cam, amene anali pafupi, ndipo anamuvuula patatha maola oposa 11.