Kusankha French horn ya kaunjika ndi kusintha zida zake zakutha

Kuno ku Zomba sitidabwa ndi malipenga, tidazolowera kumva bandi ya asilikali a ku Cobbe Barracks ndi ya apolisi. Koma ofuna French horn yawoyawo ambiri amapeza yakale, yomwe yadutsa m'manja mwa anthu angapo. Samalani poyamba: lipenga lomwe mabandi a brass amalitcha tenor horn ndi lina. French horn ndi yozungulira, mavalavu ake (tizida tosintha njira ya mpweya kuti manotsi asinthe) amadinidwa ndi dzanja lamanzere, lamanja limakhala m'kamwa mwa belu, mbali yotambasuka yomwe mawu amatulukira.

Yambani ndi mtundu. Single horn, ya kiyi imodzi ya F, monga Yamaha YHR-314, ndi yopepuka, yabwino kwa mwana wophunzira. Double horn ili ndi mbali ziwiri, F ndi B♭, ndipo mumasintha ndi chala chachikulu. Idatulukira kwa wopanga malipenga Kruspe ku Erfurt, ku Germany, mu 1897, ndipo Conn 8D ndi Holton H179 ndi za mtunduwu. Ngati thumba likulola, tengani double. Manotsi apamwamba savuta kwambiri pa mbali ya B♭.

Tsopano mavalavu, pomwe pagona nkhani yonse. Zina zonse mungakonze ndi ndalama yochepa, koma valavu yodontha mpweya imafuna mmisiri woikuta chitsulo chatsopano, ntchito yomwe ingadye ndalama zoposa mtengo wa lipengalo. Kokani slide ya valavu, kapaipi kopindika kamene kamasololeka, pang'ono osadina, kenaka dinani. Likalira kuti phu, mpweya ukugwira. Likakhala duu, ganizani kawiri. Gwedezaninso valavu iliyonse m'mwamba ndi m'mbali, isamachite gwedegwede. Wogulitsa akathira mafuta okhuthala musanafike, dziwani kuti pali chomwe akubisa.

Yang'ananinso paipi yomwe mumalowetsa mouthpiece, kachitsulo koikapo milomo poliza. Timadontho tofiirira pamenepo ndi chizindikiro choti zinc ikuchoka mu mkuwa kuchokera mkati, ndipo tsiku lina pabooka. Paipiyi imasinthika yonse. Kupindika pang'ono pa belu kusakuopseni.

Mwagula. Chimene chimayamba kuduka ndi chingwe cha valavu, chomwe chimalumikiza valavu ndi batani lomwe mumadina. Ena amagwiritsa twaini yoluka ya asodzi, ndipo imagwira bwino bola ikhale yosatanuka. Ya pulasitiki yosalala ija iyayi, imaterera. Musanamasule kanthu, jambulani valavu yoyandikana nayo pa foni, ndiyo mphunzitsi wanu. Dulani chingwe cha masentimita 25, mangani mfundo kumapeto, chipiseni pa bowo loyamba la kamtengo ka valavu. Chizungulizeni pa mutu wa valavu, chikulungeni pa ka screw kali pamenepo ngati nambala 8, pitirizani mpaka bowo lakumapeto ndi kumanga pa screw yachiwiri. Linganizani kutalika kwa batani ndi anzake musanalimbitse. Mukakoka kwambiri valavu imauma.

Timalabala kapena ti cork tomwe valavu imagundapo timatha ndithu, ndipo mawu amayamba kutsamwa. Ikani tatsopano, tsegulani chivindikiro cha valavu, muone ngati timizere tozokotedwa mkatimo tikukumana, mutadina komanso musanadine. Tikapanda kukumana, sengani labala ndi lezala pang'onopang'ono.

Mouthpiece yatsopano muiyese kaye. Za ku Europe ndi za ku America zimasiyana pang'ono polowera, ndipo yosayenerera imasewera m'paipi n'kusokoneza mawu.

Chinyezi cha dzinja la pansi pa phiri lathuli chimaumitsa ma slide, choncho girizi yake isasowe, ndipo khuthulani madzi mukamaliza kuliza. Slide ikakana kutuluka, musaigwire ndi pulayazi. Ndipo polumikiza pakasoloka, chonde musathamange nalo kwa owotcherera mageti. Malo amenewa amamatidwa ndi solder, mtovu wosungunuka pa moto wochepa, pomwe moto wa welding umaboola mkuwa wopyapyalawu nthawi yomweyo. Funsani oliza malipenga a m'mabandi kuti awo amakonzetsa kwa yani.