Chimanga chikuumira ku Kanengo, ngongole ya mlimi ikukulira m'kompyuta

Nyengo yogula mbewu ya chaka chino yapeza makopaletivi ndi makampani angapo kuno ku Lilongwe atasiya mabuku n'kuyamba kugwiritsa ntchito mapulogalamu a pakompyuta. Kalaliki wa pa sikelo ali ndi foni m'manja, lisiti ikutuluka pomwepo, ndalama zikulowa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Zimenezo sindikutsutsa. Chandilembetsa n'cholakwa chimodzi chomwe ndakhala ndikuchipeza kuyambira m'misika ya cha ku Mitundu ndi ku Nsundwe mpaka m'nyumba zosungiramo katundu ku Kanengo, m'mapulogalamu opangidwa ndi anthu osiyana amene mwina sanaonanepo n'komwe. Pulogalamu ili ndi kabokosi kamodzi kolembamo kulemera kwa katundu wa mlimi, ndipo aliyense wogwira katunduyo amalemba m'kabokosi komweko, kufufuta zimene mnzake analemba.

Kwa munthu wokhala mu ofesi zikuoneka zazing'ono. Tiyeni tiwerengere limodzi. Chimanga chogulidwa koyambirira kwa nyengo nthawi zambiri chimakhala chisanaumitsitse. Tinene kuti thumba la makilogalamu 50 lafika pa sikelo chinyezi chake chili pa 18 peresenti. Kuti chisungike osachita chuku, chiyenera kuuma kufika cha pa 13. Madzi aja akachoka, m'thumba mumatsala makilogalamu 47 ndi pang'ono. Palibe wabapo kanthu. Lole ya matani 30, omwe ndi matumba 600, ikauma choncho imatsika ndi makilogalamu oposa 1,700, matumba 34 athunthu. Apo sitinawerengere zinyalala zochoka popeta ndi chimanga chowola chosankhidwa poika magiredi.

Tsono kalaliki wa pa sikelo analemba 50, ndipo sananame. Wosunga nkhokwe akayezanso amapeza 47, nayenso sananame. Akauntanti akufuna nambala ina: kulemera komwe anagwirizana ndi mlimi kuti amulipirire, mwina atachotsapo kale za chinyezi mlimiyo akuona. Manambala atatu, onse oona, aliyense ali ndi ntchito yake ndi mwini wake. Wopanga pulogalamu anawapatsa kabokosi kamodzi. Wolemba pomaliza ndiye amapambana, ndipo wolemba pomaliza nthawi zonse amakhala wa kunkhokwe.

Zotsatira zake zimafika patali. Mlimi amene sanalipidwe tsiku lomwelo, malipiro ake amawerengedwanso pa nambala yatsopano. Amene anatenga feteleza ndi mbewu pangongole n'kubweza ndi zokolola, ngongole yomwe inatha imadzukanso. Kalaliki wa pa sikelo amaitanidwa ku ofesi kuti afotokoze chifukwa chomwe malisiti ake sakugwirizana ndi kompyuta, ndipo ndikudziwa malo amene mnyamata anaimitsidwa ntchito pomuganizira kuba, pamene wakuba anali dzuwa. Choipa kwambiri n'chakuti kutsika kwenikweni kwa katundu sikuonekanso paliponse. Bwana amene amayenera kudziwa kuti msika wakutiwakuti ukugula chimanga chachiwisi mopitirira muyeso sangadziwe, chifukwa nambala yoyamba ija inafufutidwa. Ndiye ngati pali wakuba weniweni, wapeza pobisala pabwino.

Makalaliki si opusa. Akaona kuti kompyuta ikuwaika m'mavuto, amagula kabuku kawo ka chikuto cholimba n'kumalemba mobisa. Akauntanti naye amatsegula Excel yake. Pofika Julayi kampani imodzi ili ndi mabuku atatu osagwirizana, ndipo pulogalamu yogulidwa modula ija ntchito yake yangotsala yosindikiza malisiti.

Mayi wina wa cha ku Mitundu anandiimitsa pa msika, n'kumasula lisiti pa mfundo ya chitenje. Anapereka matumba 20 kubweza ngongole ya zipangizo, anauzidwa kuti zatha, kenaka uthenga unalowa pafoni kuti akadali ndi ngongole yoposa mtengo wa thumba limodzi. Anati, "Alangizi, tandiuzeni. Chimanga ndinapereka, lisiti ndi iyi. Chaumira m'manja mwawo, nanga ngongole ikukulira ine bwanji? Kapena kompyutayo nayonso imadya nsima?" Ndinayesa kufotokoza koma sanafune kumva zambiri. Anangoti chaka chamawa agulitsa kwa mavenda. "Wavenda ndi ndowa yake amandibera ndikupenya. Awa akundibera ndili m'tulo." Pa msika paja panali alimi ambiri amene anamva mawuwo, ndipo kopaletivi imene yataya chikhulupiriro cha mamembala ake siichira ndi nyengo imodzi.

Cholakwachi chimabadwira mu ofesi, miyezi ingapo nyengo isanayambe. Bwana amaitana anyamata opanga mapulogalamu, amawapatsa mafomu akale a kampani, n'kunena kuti, "Tiikireni izi m'kompyuta." Anyamata amakatenga fomu iliyonse, amaona mawu oti kulemera pa fomu ya sikelo, pa fomu ya nkhokwe ndi pa fomu ya malipiro, n'kuganiza kuti achita nzeru powaphatikiza pamalo amodzi mu database, momwe pulogalamu imasungira zolemba zake zonse, kuti asabwereze. Kusukulu anawaphunzitsa kuti kubwereza n'kulakwa. Palibe mmodzi wa iwo anakwera minibasi kukaima pa sikelo tsiku la msika. Palibenso amene analowa m'nkhokwe kukaona chimanga chikuyanikidwa pa matenti. Safunsa anadya phula, koma pano phulalo akudya ndi mlimi.

Ndipo inu mabwana musaloze chala anyamatawa okha. Chizolowezi chanu chomati za kompyuta n'za a IT, inu mudzangobwera pa tsiku lotsegulira, chandikwana. Mukagula sikelo mumaonetsetsa kuti a Malawi Bureau of Standards aiyeza. Pulogalamu imene ikuwerengera ndalama za alimi mazanamazana mumailandira mutangoona kuti mitundu yake ndi yokongola pa sikirini. Wosunga nkhokwe amene wagwira ntchito imeneyi zaka zambiri, wodziwa kuti soya amatsika motani ndipo mtedza umatsika motani, simumuitana ku msonkhano chifukwa alibe digiri.

Vutoli si la kuno kokha, ndipo njira yolipewera inalembedwa kale. Mu 2003 Eric Evans wa ku America anatulutsa buku lofotokoza njira yotchedwa domain-driven design. Mfundo yake ndi yakuti pulogalamu imangidwe potsata mmene bizinesi imayendera, ndipo opanga pulogalamu azikhala pansi kawirikawiri ndi eni ntchitoyo mpaka onse azilankhula chimodzimodzi, mawu a pa ntchito akhale omwewo olembedwa mkati mwa pulogalamu. Mbali ya bukulo imene ikutikhudza kwambiri ndi ya malire. Evans ananena kuti bizinesi yaikulu singakwane m'chithunzi chimodzi. Gawo lililonse likhale ndi malire ake, omwe amawatchula kuti bounded context, ndipo mkati mwa malirewo zinthu zikhale ndi tanthauzo limodzi ndi malamulo ake.

Kwa ife ogula mbewu magawowo sabisika. Pali kugula pa sikelo, pali nkhokwe, pali ngongole za zipangizo, pali malipiro. Pa sikelo chofunika ndi mlimi, tsiku, kulemera, chinyezi ndi mtengo, womwe suyenera kutsika pansi pa umene Unduna wa Zaulimi walengeza chaka chimenecho. Lisiti ikangotuluka, nkhani yatsekedwa, palibe woisinthanso. Kunkhokwe mlimi kulibe. Chimanga cha anthu makumi asanu chasakanizidwa kale, chomwe chilipo ndi mulu, giredi yake ndi kulemera kwake komwe kumasintha sabata ndi sabata. Kufunsa wosunga nkhokwe kuti thumba la mayi uja likulemera bwanji lero ndi funso lopanda yankho, komabe pulogalamu yomangidwa molakwika ija imamukakamiza kuyankha, n'kugawira alimi onse kutsika kwa mulu. Gawo la ngongole lisamadziwe n'komwe za kuuma. Lingolandira uthenga umodzi kuchokera pa sikelo, woti mlimi uyu wapereka katundu wa ndalama zakutizakuti, basi.

Ena amati kugawa chotere n'kuchulutsa ntchito, ndipo amathamangira kunena za ma microservices, kutanthauza kudula pulogalamu kukhala timapulogalamu tating'ono toima patokha, ndi maseva ambirimbiri, makompyuta oyendetserapo timapulogalamuto. Ayi. Kampani ya nkhokwe ziwiri ndi misika khumi sikufunika zimenezo, makamaka kuno komwe magetsi ndi netiweki zimabwera ndi kupita. Malire akhoza kukhala mkati mwa pulogalamu imodzi, malinga gawo lina lisamalembe m'mabuku a linzake. Ndipo phindu lina limabwera lokha: gawo la sikelo likakhala loima palokha, kalaliki akhoza kugwira ntchito tsiku lonse kumudzi kopanda netiweki, zolembazo n'kudzatumizidwa madzulo, popeza palibe wina aliyense wozisintha.

Akauntanti aliyense wophunzira bwino akudziwa kale zimenezi, kungoti sanafunsidwe. M'buku la ndalama safufuta. Ukalakwitsa umalemba mzere wina wokonza, wakale uja n'kukhala pomwepo kuti woyendera mabuku adzaone zonse ziwiri. Katundu naye ayende choncho: wayezedwa, walandiridwa kunkhokwe, wayanikidwa, wayezedwanso, wagulitsidwa. Chilichonse mzere wake, tsiku lake ndi dzina la wolemba.

Za mapasiwedi, za kusunga makope a zolemba ndi za kuphunzitsa antchito sindinenapo, aliyense akuzidziwa.

Chochita tsopano. Nyengo ikadali mkati musagwetse pulogalamu, mungasokoneze zambiri. Uzani wopanga pulogalamu atseke kabokosi ka kulemera kwa pa sikelo kuti lisiti ikatuluka pasakhale woisintha, ndipo a kunkhokwe awapatse pawo polemba. Imeneyo ndi ntchito yaing'ono. Nyengo ikatha, sonkhanitsani m'chipinda chimodzi kalaliki wa pa sikelo, wosunga nkhokwe, wa ngongole, akauntanti, dalaivala wa lole ndi opanga pulogalamu, mlimi mmodzi kapena awiri akhaleponso. Matani mapepala pakhoma, aliyense alembe zimene zimachitika kuyambira thumba likafika mpaka ndalama zitalowa. Njirayi anayambitsa ndi Alberto Brandolini wa ku Italy, amaitchula kuti event storming, ndipo imangofuna khoma, timapepala tomata ndi zolembera. Pamene anthu awiri ayamba kukangana za chinthu chimodzi, lembani mzere pamenepo, ndi pomwe pali malire. Bwana akhalepo koma alankhule pomaliza.

Ngati mumalumikizana ndi mapulogalamu a ena, monga a banki, a ndalama za pafoni kapena malisiti a nkhokwe onga a msika wa zokolola wa Agricultural Commodity Exchange for Africa (ACE), ikani kagawo kakang'ono pakati komasulira zawo kukhala zanu, kuti iwo akasintha zawo zanu zisagwe. Mu kontilakiti ya wopanga pulogalamu lembanimo kuti adzakhala pa sikelo ndi m'nkhokwe asanayambe kulemba chilichonse, ndipo gawo lomaliza la malipiro ake lidikire mpaka nyengo imodzi yogula itadutsa.

Manambala amene afufutidwa kale chaka chino kompyuta singawabweze. Tolerani malisiti a alimi ndi timabuku tobisa ta makalaliki tija, osawalanga chifukwa chokhala nato, muwerengerenso ngongole ya mlimi aliyense pogwiritsa ntchito kulemera kwa tsiku lomwe anapereka katundu. Chitani zimenezi musanayambe kulemba maina a olandira zipangizo za nyengo ikubwerayi.