Mmene tingathandizire wachibale amene khalidwe lake limamuzunza

Pafupifupi m'mudzi uliwonse muli munthu amene abale ake anatopa naye. Lero akukutamandani, mawa akukutukwanani, banja sakhalitsa nalo, ndipo akangoganiza kuti wina amusiya, amadzicheka ndi lezala kapena kunena kuti adzipha. Achibale amati ndi mwano kapena analodzedwa, koma madokotala a matenda a maganizo nthawi zina amapeza kuti ndi vuto lotchedwa personality disorder, lomwe ndi kaganizidwe ndi kachitidwe ka zinthu koyambira pa unyamata, kokhazikika kwa zaka zambiri, kamene kamawononga ubale wa munthu ndi anzake.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, mu ndondomeko yake ya ICD-11 imene inayamba kugwira ntchito mu 2022, linasiya kugawa vutoli m'mitundu yambiri, n'kuyamba kuyeza kukula kwake: lochepa, lapakatikati kapena lalikulu. N'chifukwa chake mukapita naye kuchipatala, musangofotokoza ndewu ya dzulo yokha, koma mbiri yake kuyambira ali wamng'ono, kuphatikizapo nkhanza zimene anakumana nazo, mowa ndi chamba, pakuti zimenezi n'zimene zimathandiza dokotala kusiyanitsa vutoli ndi matenda ena amene amabwera n'kupita.

Kale ankati munthu wotere sangasinthe. Koma wofufuza Mary Zanarini wa pa chipatala cha McLean ku America anatsatira odwala 290 a khalidwe lotchedwa borderline (kusinthasintha maganizo, kuopa kusiyidwa ndi kudzivulaza), ndipo patatha zaka khumi, oposa 90 mwa 100 aliwonse anali atakhalapo zaka ziwiri zizindikiro zitachepa kwambiri, ngakhale kuti kukhazikika pa ntchito kunkachedwerapo. Palibe mapiritsi ochiza vutoli palokha. Chimene chimathandiza ndi uphungu wophunzitsa munthu kuugwira mtima, monga njira yotchedwa DBT imene anayambitsa katswiri wa zamaganizo Marsha Linehan.

Kunyumba, gwirizanani chimodzi monga banja, chifukwa mayi akakana chinthu koma amalume n'kuchilola, mumangomusokoneza. Mukamulonjeza kuti mubwera Lachitatu, bwerani Lachitatu lomwelo. Akapsa mtima, yambani mwamumvetsera, ndipo zomudzudzula zidikire mtima utatsika. Mawu oti adzipha musawatenge ngati kungofuna kuti mumumvere chisoni; tsekerani tameki, mankhwala a m'dimba ndi zingwe, musamusiye yekha, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, komwe angamutumize ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu ngati pakufunika kutero.