Akupezani ndi Matenda a Shuga: Kadyedwe ndi Mankhwala M'miyezi Yoyamba

Ambiri akangouzidwa kuti ali ndi matenda a shuga amasiya kuthira shuga mu tiyi n'kuganiza kuti basi athana nazo. Kusiyako n'kwabwino, koma shuga wa m'magazi sachokera mu tiyi mokha. Mpunga, buledi, mbatata ndi chakudya chilichonse cha ufa chikagayika m'mimba chimasanduka shuga. Mwa munthu wodwala matendawa, kapamba satulutsa mokwanira insulini, yemwe amathandiza shuga kulowa m'minofu, kapena thupi silimugwiritsa ntchito bwino, ndiye shuga uja amangodzaza m'magazi m'malo molowa m'minofu. N'chifukwa chake muyenera kuyang'anira kuchuluka kwa chakudya ndi nthawi yodyera, ndipo zonsezi zigwirizane ndi mankhwala amene mwapatsidwa.

Musanatuluke m'chipinda cha dokotala, funsani ngati matenda anu ndi a mtundu woyamba kapena wachiwiri. Wa mtundu woyamba amafunika jakisoni wa insulini tsiku lililonse, ndipo kadyedwe kokha sikangalowe m'malo mwake. Funsaninso manambala amene muyenera kufikira. Kwa akuluakulu ambiri, shuga asanadye azikhala pakati pa 4.4 ndi 7.2 mmol/L, ndipo pakatha maola awiri chidyereni asapitirire 10. Makina ena oyezera shuga amawerenga mu mg/dL. Mukagawa nambalayo ndi 18 mupeza ya mmol/L. Palinso muyezo wa HbA1c, womwe umasonyeza mmene shuga wakhalira kwa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Ambiri amauzidwa kuti usapitirire 7 peresenti, koma okalamba ndi amayi oyembekezera amapatsidwa malire awoawo.

Kugawa mbale

Tengani mbale yamphwatalala ya masentimita pafupifupi 23. Theka lake mudzaze masamba ndi zina zosakhutitsa kwambiri monga kabichi, tomato, nkhaka ndi mabiringanya. Theka lotsalalo muligawe pawiri: mbali imodzi nsomba, nkhuku, mazira kapena nyama yopanda mafuta, mbali inayo chakudya chokhutitsa monga mpunga, buledi kapena mbatata, chofanana kukula ndi chibakera chanu. Musaonjezere mbale yachiwiri. Sankhani ufa wosakonola ndi buledi wa tirigu wathunthu chifukwa gaga amachedwetsa kulowa kwa shuga m'magazi, koma musanyengeke: ngakhale zimenezi zikachuluka zimakweza shuga. Nyemba n'zabwino kwambiri, kungoti nazonso zili ndi mbali yokhutitsa, choncho tsiku la nyemba chepetsaniko mpunga.

Pa zakumwa m'pamene anthu amagwa kawirikawiri. Chitini chimodzi cha chakumwa choziziritsa kukhosi cha mamililita 330 chimakhala ndi shuga wokwana masupuni aang'ono pafupifupi 8, ndipo poti n'chamadzimadzi amalowa m'magazi mwamsanga. Juwisi wa zipatso, ngakhale wofinya nokha, amachita chimodzimodzi. Idyani lalanje lenilenilo, limodzi, m'malo mofinya atatu. Uchi ndi shuga wofiirira si njira yozembera, thupi limaziwerenga ngati shuga ndithu. Mchere usapitirire supuni yaing'ono imodzi patsiku, chifukwa matenda a shuga akakumana ndi kuthamanga kwa magazi amafulumira kuwononga impso ndi mtima.

Idyani katatu patsiku pa nthawi zofanana. Kudzimana chakudya cham'mawa n'kudzadya mulu waukulu madzulo kumachititsa shuga kutsika ndi kukwera mosalongosoka. Mukatha kudya, yendani kwa mphindi 10 kapena 15, popeza minofu ikamagwira ntchito imayamwa shuga. Pa mlungu muzikwanitsa mphindi 150. Ngati ndinu wonenepa, kutsitsa ngakhale 5 peresenti ya thupi lanu, monga makilogalamu 4 kwa munthu wa makilogalamu 80, kumathandiza kuti insulini agwire bwino ntchito.

Mankhwala

Odwala mtundu wachiwiri nthawi zambiri amayamba ndi metformin. M'milungu yoyamba angakuchititseni nseru kapena kutsegula m'mimba, n'chifukwa chake dokotala amayamba ndi mlingo wochepa n'kumakweza pang'onopang'ono. Muzimwa mukudya kapena mutangotha kudya. Vutoli likapitirira, kauzeni adokotala m'malo mosiya nokha.

Metformin payekha satsitsa shuga mopitirira kawirikawiri, koma glibenclamide, gliclazide ndi insulini amatero, makamaka mukadumpha chakudya, mukagwira ntchito yolemetsa kapena mukamwa mowa pamimba pali pululu. Mowa umalepheretsa chiwindi kutulutsa shuga amene chimasunga, moti munthu akhoza kukomoka usiku ali mtulo. Mukamva kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yadzidzidzi, mtima kugunda kwambiri kapena mutu kuzunguzika, kapena makina akasonyeza pansi pa 3.9, sungunulani masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga m'madzi n'kumwa. Dikirani mphindi 15, yezaninso, ndipo bwerezani ngati sanakwere. Mukapeza bwino idyani chakudya. A pabanja panu adziwe kuti munthu wokomoka samuthira kanthu m'kamwa chifukwa angatsamwe. Am'goneke cham'mbali n'kuthamangira naye kuchipatala.

Insulini wosatsegula amasungidwa mu firiji, koma asaume ngati ayezi. Wotsegula, kwa mitundu yambiri, amatha masiku 28 pamalo osatentha ndi osafika dzuwa. Muzisinthasintha pobaya, chifukwa pobayidwa kawirikawiri pamachita chotupa cholimba ndipo mankhwala salowa bwino. Mukadwala n'kumasanza, musasiye insulini. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, makamaka ngati mukupuma mwabefu kapena m'mimba mukupweteka.

Shuga akatsika sikuti mwachira, watsika chifukwa cha mankhwala ndi kadyedwe komweko. Mankhwala azitsamba amene amalonjeza kuthetseratu matendawa ndi amene amabweza anthu kuchipatala impso zitawonongeka kale.

Mtundu wachiwiri umatha kukhala m'thupi zaka zambiri usanadziwike, choncho pemphani kuti akuyezeni maso, impso ndi mapazi pachiyambi pomwepa, kenako chaka chilichonse. Mapazi muziwayang'ana nokha madzulo aliwonse, pansi ndi pakati pa zala. Dzanzi lobwera ndi matendawa limabisa ululu, ndipo kamwala kotsalira mu nsapato kakhoza kuboola khungu inu osamva. Musayende wopanda nsapato, ndipo chilonda chilichonse cha kuphazi, ngakhale chaching'ono, mukachionetse kuchipatala msanga.