Nsambo za ukulele: yezani kaye musanatume munthu ku Lilongwe

Ukulele yanga, kagitala kakang'ono ka nsambo zinayi, ndinachita kupatsidwa ndi alamu anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo ndimaimbira ana a Sande sukulu kuno ku Kasungu. Nsambo yoyamba itaduka, mnyamata wina woimba banjo pa Chinkhoma anati ndingoikapo waya wa mabuleki a njinga monga achitira iye. Ndinamvera. Sabata isanathe kathabwa komangirirapo nsambo kanayamba kumatuka, mpaka kalipentala anachita kukamatanso ndi guluu. Ukulele anaipangira nsambo zofewa. Waya wachitsulo, ngakhale wa gitala, amakoka mopitirira mphamvu ya kathupi kake.

Musanagule chilichonse, bwerekani tepi kwa atelala. Yezani mbali ya nsambo imene imanjenjemera mukaikhwatcha, kuyambira pamene yatsamira kumutu mpaka pamene yatsamira pamimba. Mukapeza masentimita pafupifupi 33, yanuyo ndi soprano. Concert ndi 38, tenor ndi 43. Ikafika cha m'ma 50 ndi baritone, ndipo iyo imachunidwa D G B E ngati nsambo zinayi zazing'ono za gitala, pomwe zinzake zija ndi G C E A (zilembozi ndi mayina a mawu amene nsambo iliyonse imatulutsa). Pa paketi amalemba saizi, choncho amene mwamutumayo mumulembere papepala. Soprano ndi concert nthawi zambiri zimagwirizana paketi imodzi.

Tsono pamene pali nkhani ndi pa zimene apangira nsambozo. Za nayiloni ndi zotchipa, n'zofewa ku zala ndipo mawu ake ndi onenepa, koma zimamva nyengo. Kukatentha mu Okutobala zimasintha mawu, mvula ikayamba zimasinthanso, moti umachuna pakati pa nyimbo ana akukuyang'ana. Za fluorocarbon, mtundu wina wa pulasitiki, n'zowonda, zimalira mokweza ndi momveka bwino, ndipo chinyezi sizichilabadira kwenikweni. Ine ndinakhazikika pa zimenezi, ngakhale poyamba zimaluma nsonga za zala. Palinso zoyera ngati mkaka zotchedwa Nylgut, za kampani ya Aquila ya ku Italy. Ukulele yotchipa zimaipatsa mawu ndithu, koma kwa ine zimachita phokoso chala chikamatsetsereka.

Nsambo ya G ili mitundu iwiri. Pa ukulele yachizolowezi, G imene ili pamwamba mukanyamula ndi yowonda ndipo imalira mokwera kuposa C yoyandikana nayo. Ndi imene imabweretsa kamvekedwe kosangalala kaja kamene anthu amakadziwa kuchokera ku Hawaii. Paketi ikalembedwa Low G, ndiye kuti G yake ndi yonenepa, yamawu otsika, ndipo ina imakhala yokulungidwa ndi kawaya. Ngati mumatsogolera kwaya n'kumafuna kabesi pang'ono, makamaka pa tenor, tengani imeneyo. Onetsetsani kokha kuti ikukwana m'kampata kake kumutu kuja, chifukwa ikakhala pamwamba mawu amasokonekera.

Nanga zikasowa? Ulusi wowedzera nsomba umagwira ntchito, bola usakhale saizi imodzi nsambo zonse zinayi. Pa soprano kapena concert, wa fluorocarbon ukhale pafupifupi mamilimita 0.52 pa A, 0.57 pa G yokwera, 0.66 pa E, ndi 0.74 pa C. Wa nayiloni wamba umafunika wonenepa kuposa pamenepa. Ine ndinayendera A ya ulusi wa mbedza kwa miyezi ingapo, ndipo palibe wa mumpingo amene anazindikira.

Posintha, chotsani imodzi n'kumanga yatsopano musanakhudze inzake, kuti muzionera mfundo ya nsambo yoyandikana nayo. Zatsopano zimatamuka kwa sabata imodzi kapena awiri, ndiye musaganize kuti akugulitsani zabodza. Muzichuna m'mawa ndi madzulo ndi pulogalamu ya pafoni, n'kumazikoka pang'onopang'ono ndi chala. Ngati muli ndi ukwati woti mukaimbe Loweruka, zakale zomwezo zipirire mpaka Lolemba.